Kugulitsa matokeni akale a ku England pa okushoni ya pa intaneti

Munthu akapeza kachitini ka matokeni akale pa car boot sale (msika wa katundu wakale umene anthu amagulitsira m'mabuti a galimoto) ku Britain, kapena akapatsidwa ndi mwini nyumba pochotsa katundu, nthawi zambiri amagwa m'dzenje lomwe anzake anagwamo kale. Amayamba n'kuwatsuka kuti awale. Kenako amajambula chithunzi chimodzi usiku pansi pa getsi, n'kulemba pa eBay, webusaiti ya okushoni, kuti akugulitsa ndalama yakale yosowa. Sabata ikatha tokeni imapita ndi 99p (yosakwana paundi imodzi), mwinanso sipezeka ndi woifunsa yemwe.

Matokeni amenewa ndi tindalama tomwe eni magolosale, eni nyumba za alendo, makampani a migodi ndi akuluakulu a matauni ankadinditsa okha pa nthawi imene boma silinkatulutsa ndalama zosinthira zokwanira. Amene amawagula lero ndi anthu odziwa chimene akufuna. Safuna "ndalama yakale". Amafuna tokeni ya tauni yakutiyakuti, ya wamalonda wakutiwakuti, yokhala ndi nambala yakutiyakuti m'buku. Choncho ntchito yaikulu imachitikira pa tebulo panu musanatsegule n'komwe eBay, ndipo ndi pamene malangizowa akhalitsepo.

## Zofunika kukhala nazo

- Galasi lokulitsira zinthu, lokulitsa ka 10
- Sikelo yaing'ono yoyeza mpaka 0.01 ya galamu
- Caliper (choyezera kukula kwa tokeni) ya pulasitiki, chifukwa yachitsulo imakanda mkuwa
- Nsalu yofewa, yotuwa kapena yakuda, yoyala pa tebulo
- Magolovesi a thonje, kapena manja osamba ndi ouma bwino
- Foni yojambula bwino ndi choimikira chake
- Timaenvelopu ta pepala topanda asidi, pensulo ndi kope
- Makatoni odula, selotepu ndi maenvelopu okhala ndi zofewa m'kati
- Akaunti ya eBay yolumikizidwa ku banki yanu
- Mabuku a mndandanda wa matokeni. La Williamson ndi la Dalton ndi Hamer ndi akale kwambiri moti amapezeka ulere pa Internet Archive

## Musanaganize za mtengo

1. Musatsuke. Musayerekeze ndi Brasso, viniga, mandimu, soda, mankhwala otsukira mano ngakhale kupukuta ndi malaya. Mtundu woderapo ngati chokoleti umene uli pa mkuwawo unatenga zaka zoposa 200 kuti ufike pamenepo, ndipo ndi umene wogula akulipira. Mukauchotsa tokeni imasanduka yofiirira mwa pinki, ndipo wodziwa amaona zimenezi pa chithunzi choyamba. Sibwereranso mwakale. Igwireni m'mbali ndi zala ziwiri, nsalu ili pansi kuti ikapulumuka isavulale.

Chenjezo: mukaona ufa wobiriwira mowala umene ukunyenyeka mukaukhudza, ipatuleni tokeniyo kwa zinzake n'kuisunga pouma. Amenewo ndi matenda a mkuwa ndipo amadyabe chitsulo. Musawapale ndi singano. Mudzawatchula polemba malonda. Ngati matokeni anali m'timatumba ta pulasitiki yofewa tomwe tayamba kumata, atulutseni muwaike m'timaenvelopu ta pepala.

2. Dziwani kumene anachokera. Matokeni ambiri a m'ma 1600 amafukulidwa m'minda ndi anthu a makina ofufuzira zitsulo, kapena amatoledwa m'matope a m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London. Zotere zili ndi malamulo ake. Chofukulidwa m'munda chimafunika chilolezo cha mwini malo. Lamulo la Treasure Act la 1996 limawerengera matokeni ngati ndalama, ndipo ku England ndi Wales, ndalama za mkuwa khumi kapena kuposerapo zopezeka pamodzi, zoti zapitirira zaka 300, ziyenera kunenedwa pasanathe masiku 14. Njira yapafupi ndi kupita kwa Finds Liaison Officer wa dera lanu, yemwe ndi wolembera zinthu zakale zotoledwa wa bungwe la Portable Antiquities Scheme. Za m'mbali mwa Thames zimatoledwa ndi chilolezo cha Port of London Authority, ndipo chilolezocho sichilola kugulitsa zotolazo. Ngati munachita kugula, lembani m'kope kumene munagula ndi tsiku lake. Mukapeza kaenvelopu kakale kapena katikiti kolembedwa pamanja ndi amene ankasunga tokeniyo kale, musataye. Kamapita limodzi ndi tokeni ndipo kamailimbitsa mtengo.

## Kuidziwa tokeni

3. Patulani m'magulu. Matokeni amalonda a ku England ali m'mibadwo itatu, ndipo uliwonse uli ndi buku lake ndi ogula ake.

Oyamba ndi a zaka za 1648 mpaka 1672, pamene mfumu Charles II inawaletsa itayamba kutulutsa ndalama zake za mkuwa. Ndi ang'onoang'ono ndiponso opyapyala. Farthing (kotala ya penny) imakhala pafupifupi mamilimita 15 kapena 16, halfpenny (theka la penny) n'kukulirapo pang'ono. Ambiri ndi ozungulira, koma alipo a makona anayi, a makona asanu ndi atatu, ndi ooneka ngati mtima, ndipo oterewa amafunidwa kwambiri. Buku lawo ndi la Williamson, la 1889 mpaka 1891, lomwe lili ndi mitundu yoposa 12,000.

Achiwiri anayamba mu 1787 ndi kampani ya mgodi wa mkuwa ya Parys ku Anglesey, ku Wales, n'kufalikira mpaka cha m'ma 1797 pamene Matthew Boulton anayamba kudinda ndalama zaboma ku fakitale yake ya Soho Mint. Awa ndi okhuthala, halfpenny yake pafupifupi mamilimita 28 mpaka 30. Ogula amawatcha Conder tokens, potengera James Conder wa ku Ipswich amene anawalemba mndandanda, ndipo nambala zawo zimachokera m'buku la Dalton ndi Hamer, mwachidule D&H.

Achitatu ndi a zaka za 1811 mpaka 1817, ambiri a penny yolemera, ena a siliva. Nambala zawo zimatengedwa m'buku la Davis kapena la Withers.

Chenjezo: m'kachitini kotere simulephera kupezeka zinthu zitatu zomwe si matokeni amalonda. Kandalama kachikasu kolembedwa TO HANOVER, kokhala ndi mutu wa Victoria ndi munthu wokwera hatchi, n'kosewerera makadi. Kena kofanana ndi ndalama yakale yagolide yotchedwa guinea, kolembedwa IN MEMORY OF THE GOOD OLD DAYS, nakonso n'ka masewera ndipo si golide. Topyapyala ta ku Nuremberg, ku Germany, tina tokhala ndi dzina la Hans Krauwinckel, tinali towerengera masamu. Tonseti tilipo tambirimbiri. Tigulitseni pa dzina lake lenileni, pa mtengo wochepa.

4. Werengani mbali zonse zitatu. Inde, zitatu: kumaso, kumbuyo ndi mkombero. Khalani pafupi ndi windo, galasi m'manja, ndipo koperani m'kope chilembo chilichonse monga chilili, osakonza sipelo. Anthu a nthawi imeneyo ankalemba mmene akumvera, V m'malo mwa U, I m'malo mwa J. Mukaona HIS HALF PENY lembani choncho, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi n'kumene kumasiyanitsa mitundu m'buku.

Pa tokeni ya m'ma 1600, mawu amayamba kumaso ndi dzina la wamalonda, n'kupitirira kumbuyo ndi dzina la tauni kapena msewu. Pakati pamakhala chizindikiro cha sitolo yake kapena cha gulu la ntchito yake, monga la a Grocers (a magolosale) kapena la a Mercers (ogulitsa nsalu). Kumbuyo kawirikawiri mupeza zilembo zitatu zoikidwa chimodzi pamwamba, ziwiri pansi. Chapamwamba ndi cha dzina la banja, chakumanzere cha dzina la mwamuna, chakumanja cha mkazi wake. Ngati dzina lafufutika theka, zilembo zitatuzi pamodzi ndi dzina la tauni zimakwanira kumupeza munthuyo mwa Williamson, popeza bukulo linasanjidwa potsata zigawo, kenako matauni. Mukasowa, yerekezerani ndi zithunzi za pa webusaiti ya British Museum kapena ya Portable Antiquities Scheme.

Pa Conder token, apa ndi pamene ogulitsa ambiri amatayira ndalama. Tengani halfpenny ya ku Coventry ya zaka za 1792 mpaka 1794. Kumaso kuli Lady Godiva pa hatchi ndi mawu akuti PRO BONO PUBLICO, kumbuyo njovu yonyamula nsanja. Aliyense amaona zimenezo. Tsopano iimikeni chammbali muizunguze pang'onopang'ono pa kuwala. Pa mkombero wopyapyalawo mutuluka tizilembo tolowa m'kati: PAYABLE AT THE WAREHOUSE OF ROBERT REYNOLDS & CO. Ina yofanana nayo kumaso ndi kumbuyo ikhoza kukhala ndi mawu ena pa mkombero, kapena mizere, kapena kusalala basi. Dalton ndi Hamer anaika kachilembo pambuyo pa nambala, a, b, c, posiyanitsa mikombero yotere, ndipo nthawi zina mtundu umodzi ndi wa tsiku ndi tsiku pomwe mnzake ngosowa. Wosayang'ana mkombero amagulitsa yosowa pa mtengo wa yawamba, wogula n'kungokhala chete.

Samalaninso ndi chigawo chimene bukulo linaikamo tokeni. Za ku London zili pansi pa Middlesex. Za John Wilkinson, mwini mafakitale a zitsulo, zili pansi pa Warwickshire. Za Wilkinson zomwezo zinakopedwa kwambiri ndi akuba a nthawi yomweyo, ndipo zina mwa zokopazo zinalembedwa WILKISON. Zoterezi nazo zili m'buku ndipo anthu amazisonkhanitsa, koma muyenera kunena kuti ndi zokopa za nthawi imeneyo.

Mukapeza nambala, yerekezerani ndi chithunzi cha m'buku kachiwiri. Pa penny ya ku Anglesey, mwachitsanzo, mitundu imasiyana ndi chiwerengero cha tizipatso ta pa nkhata ya masamba yozungulira mutu wa munthu wovala mpango amene ali kumaso kwake. Ngati mwawerenga koma mukukayikabe pakati pa nambala ziwiri, lembani zonse ziwiri ndi kunena kuti simunatsimikize. Ogula amalemekeza zimenezo kuposa nambala yongoponya.

5. Yezani, kenako perekani giredi. Lembani kulemera m'magalamu ndi kukula m'mamilimita. Tokeni yopepuka kwambiri kuposa zinzake za mtundu womwewo, ya zilembo zofota, ya timaenje ngati thovu ndi kamzere kolumikizira pa mkombero, iyenera kuti inaumbidwa m'chikombole osati kudindidwa. Imeneyo ichotseni pa malonda mpaka wodziwa aione.

Magiredi a ku Britain amakwera motere: Poor, Fair, Fine, Very Fine, Extremely Fine, Uncirculated. Yang'anani malo otukuka kwambiri, monga tsitsi, tsaya ndi phewa, poti ndi pamene pamayamba kutha. Mwini wake amaona chake chokongola kuposa mmene chilili, ndiye mukakayika tsikani giredi imodzi. Tokeni ya m'ma 1600 yowerengeka zilembo zonse ndi yabwino kale, ngakhale itangofika pa Fine.

## Kukonza malonda

6. Fufuzani mtengo weniweni. Pa eBay lembani dzina la tauni ndi nambala, kenako sankhani kuona zomwe zinagulidwa kale. Mtengo umene wina akuitanitsa sukuuzani kanthu, pakuti munthu akhoza kuitanitsa £200 pa chinthu chomwe chakhala chaka chonse osayenda. Onaninso zotsatira za okushoni zakale pa mawebusaiti a Noonans ndi Spink, nyumba za okushoni za ku London. Yerekezerani ndi tokeni ya giredi yofanana ndi yanu. Mitengo yolembedwa m'mabuku akale inapitidwa kalekale, ingokuthandizani kudziwa yosowa ndi yawamba.

7. Sankhani yoyenda yokha ndi yoyenda pagulu. Aliyense amene anagulitsapo fodya ku okushoni amadziwa zimene zimachitikira belo losakaniza magiredi: lonse limagulidwa pa mtengo wa tsamba loipa. Ndi chimodzimodzi kuno. Tokeni yabwino iikeni payokha. Zotha kwambiri ziphatikizeni zisanu kapena khumi, koma za mbadwo umodzi, makamaka za chigawo chimodzi, chifukwa ambiri amasonkhanitsa za kwawo kokha, wina za Kent, wina za Norfolk. Ngati kafukufuku wanu akusonyeza kuti muli ndi yosowa kwambiri, kapena muli ndi mulu waukulu wokhala ndi matikiti akale, ine ndingakulangizeni kutumiza zithunzi ku nyumba ya okushoni ngati Noonans ku London, yomwe imachititsa malonda a matokeni kawirikawiri. Amadula gawo lawo ndipo ndalama zimachedwa miyezi, koma amailemba molondola ndi kuifikitsa kwa ogula oyenera.

8. Jambulani masana. Yalani nsalu pafupi ndi windo lomwe silikuwombedwa ndi dzuwa mwachindunji. Zimitsani getsi ndi fulashi. Kuwala kuchokere chammbali kuti zilembo zichite mthunzi pang'ono. Foni ikhale pa choimikira, yoyang'ana pansi molunjika, ndipo tokeni idzaze chithunzi. Jambulani kumaso, kumbuyo, mkombero wonse m'zithunzi zitatu kapena zinayi, tokeni ili pa sikelo, ndi chilema chilichonse pafupi: kuboola, kukandika, kupindika, kubiriwira. Chenjezo: musakongoletse mtundu ndi mafyuluta. Wogula akalandira yosiyana ndi chithunzi amaibweza, ndipo eBay kawirikawiri imaima kumbali yake.

9. Lembani mutu ndi kufotokoza. eBay imapereka malo a zilembo 80 pa mutu, ndipo malonda ake amalembedwa m'Chingerezi. Musawononge malowo ndi mawu okopa. Ikani chaka, tauni, chigawo, dzina la wodinditsa, mtundu wa ndalama ndi nambala, monga: 1793 Coventry Halfpenny Conder Token Lady Godiva Warwickshire, kenako D&H ndi nambala imene mwapeza. Mawu akuti Conder token ndi ofunika, chifukwa ogula ambiri a matokeni a mbadwo umenewu ali ku America ndipo ndi mawu amene amafufuzira. M'munsi lembani mawu onse a mbali zitatu zija, kulemera, kukula, giredi, zilema zonse ndi kumene inachokera. Ngati inatsukidwa kale ndi munthu wina, nenani. Mawu akuti rare muwagwiritse ntchito pokhapokha buku litatero.

10. Ikani mtengo woyambira ndi nthawi yothera. Kuyamba ndi 99p kumayenda bwino kwa wogulitsa amene ali ndi ogula ambiri omutsatira. Inu amene mwangoyamba kumene, yambani ndi mtengo wotsikitsitsa umene mungaulandire osadandaula, chifukwa wopikisana akakhala mmodzi yekha, tokeni imapita pa mtengo woyambirawo ndipo simungabwerere m'mbuyo. Sankhani masiku 7 kapena 10, ndipo konzani kuti ithe Lamlungu madzulo nthawi ya ku Britain, pamene ku America kuli masana. Musade nkhawa mtengo ukakhala chiimire sabata yonse. Odziwa amadikira masekondi omaliza.

Chenjezo: musapemphe mbale kapena mnzanu kuti aziika mitengo yokwezera. eBay imatseka maakaunti chifukwa cha zimenezi, ndipo ku Britain ndi mlandu. Wina akakulemberani kuti muthetse okushoni msanga akupatseni ndalama pambali, kanani mwaulemu, kenako bwererani ku galasi mukayang'anenso tokeniyo, chifukwa nthawi zambiri waona chimene inu simunaone.

## Kutumiza

11. Pakirani kuti isagwedezeke. Dikirani eBay itsimikize kuti ndalama zalipidwa. Ikani tokeni m'kaenvelopu kake, kaenvelopuko pakati pa makatoni awiri, matani makatoniwo m'mbali, n'kulowetsa mu envelopu yofewa m'kati. Selotepu isakhudze chitsulo. Gwedezani pafupi ndi khutu. Mukamva kulira, pakiraninso. Matokeni awiri asagundane m'kaenvelopu kamodzi. Kunja musalembe chilichonse chosonyeza kuti muli ndalama.

Ku positi ofesi tengani risiti yotsimikizira kuti mwatumiza. Tokeni yamtengo itumizeni pa Special Delivery Guaranteed, chifukwa ndi njira imene Royal Mail imalipirira zinthu zamtengo monga ndalama zikatayika, ndipo mukhoza kuwonjezera chitetezo mpaka £2,500. Wogula wakunja amafunika fomu ya kasitomu yolembedwa zoona, mtengo wake weniweni. Chenjezo lalikulu pano: chinthu chofukulidwa m'nthaka ya ku Britain, choti chapitirira zaka 50, chimafunika chilolezo cha Arts Council England chisanatuluke m'dziko, ngakhale mtengo wake utakhala wochepa bwanji. Ngati simukufuna kudikira mapepala amenewo, tsekerani malonda a matokeni ofukulidwa kuti agulidwe ndi a ku Britain okha.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutsuka ndiye koyamba, ndipo pali kutsuka kwina kumene anthu sakuwerengera: kupaka mafuta ophikira kapena Vaseline kuti tokeni ioneke yonyezimira pa chithunzi. Mafutawo amalowa m'zilembo, amakoka fumbi, ndipo wogula amawamva m'manja akangotsegula.

Kwachiwiri ndi kukhulupirira chaka cholembedwa pa tokeni ngati umboni wa mtengo. Halfpenny ya 1792 ikhoza kukhala yotsika mtengo kwambiri chifukwa zinadindidwa zochuluka zedi, pomwe farthing yosaoneka bwino ya kamudzi kakang'ono ikhoza kukanganitsa anthu awiri amene akhala akuifunafuna zaka. Ukalamba pawokha sugulitsa.

Ena amakopera nambala ya D&H pa malonda a munthu wina chifukwa chithunzi chikufanana. Mukatero mwatenga ndi cholakwa chake chomwe, ndipo mkombero wake simunauone.

Ena amaika matokeni makumi awiri ofanana tsiku limodzi, n'kudzipikisa okha. Atayanitseni masabata angapo.

Palinso kuiwala kuwerengera ndalama zotumizira ndi zimene eBay imadula. Malamulo a eBay pa zodulazi amasinthasintha, ndiye awerengeni tsiku lomwe mukuika malonda. Za msonkho nazo musazinyalanyaze. Kuyambira January 2024, mawebusaiti a malonda amapereka ku HMRC, bungwe lotolera msonkho ku Britain, mbiri ya amene wagulitsa zinthu 30 kapena kuposerapo pa chaka, kapena wapeza ndalama zoposa pafupifupi £1,700. Kugulitsa katundu wanu wakale ndi nkhani ina, koma ngati mwayamba kugula matokeni n'cholinga chowagulitsanso ndipo zolowa zapitirira £1,000 pa chaka, muyenera kulembetsa ku HMRC. Kope lija lili ndi tsiku, mtengo wogulira ndi wogulitsira wa tokeni iliyonse ndi limene mudzafunike kuonetsa.